Datsun ya a Chisambi

A Dixon Chisambi sankakhulupirira kuti pansi pano pali munthu wowaposa kudziwa galimoto za ku Japan. Ndipo pogwira anali napo. Asanabwere ku Mangalande anatha zaka zisanu ndi zinayi akutenga galimoto padoko la Dar es Salaam, kukwera nazo mapiri a Chiweta mpaka kukazitula ku Lilongwe. Ku Wolverhampton anayamba ndi vani imodzi yotsokomola, lero mavani awo osamutsa anthu akuyenda mpaka ku Coventry. Munthu wotere mungamuuze chiyani za injini? Akayamba kufotokoza pa tiyi wa kutchalitchi, tiyiyo amachita kuzizira m'makapu.

Tsiku lina anapita kukasamutsa mayi wamasiye ku Tipton, m'mbali mwa ngalande. Atatsegula galaja, a Dixon anangoti kukamwa yasa. Pansi pa nsalu yafumbi panagona Datsun ya mipando iwiri, ya mu 1972, yamphuno yayitali ngati ng'ona, yofupika mpaka m'chiuno mwa munthu. Datsun iwo ankaidziwa ngati galimoto ya matola, yosenza matumba a chimanga ndi mbuzi. Iyi ayi. Iyi inapangidwa kuti izingothamanga basi, anthu azitembenuka. Penti wake wa mtundu wa lalanje anali wosuluka, mipando yong'aluka, wailesi ya mabatani akuluakulu ngati mano a ng'ombe. Koma ataikamo batire n'kuitchaya, injini inalira kuchokera pansi pa mtima, ndipo a Dixon anamva tsitsi likuima.

Mayiyo anawagulitsa tsiku lomwelo. Anati anzake a malemu a kukalabu ya galimoto zakale anamulanda mwamuna Lamlungu lililonse kwa zaka makumi anayi, ndiye anthu amenewo galimotoyo sangaione.

Akuikweza pa lole, kunatulukira nkhalamba ina yamanja akuda ndi oyilo, dzina lake David, mkulu wa kalabu ija. Anaisisita Datsun ija ngati akusisita mwana wodwala.

"Mu Ogasiti tili ndi chionetsero kufupi ndi Coventry," anatero m'Chingerezi chake cha ku Tipton chomeza mawu. "Iyi tidzaiika pamzere woyamba, ndi dzina lanu pachikwangwani. Koma musanamasule ngakhale kabawuti kamodzi, mundiimbire kaye."

Mawu oyambawo analowa m'khutu la a Dixon n'kukhazikika. Pamzere woyamba! Lamlungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kuitana mpingo wonse ku chionetseroko. Mawu achiwiriwo anawawawa ngati tsabola.

"Bambo a Thandi, mzungu uja anati muimbe," anawakumbutsa akazi awo a Vailet, akuvula nsapato pochokera ku shifiti ya kuchipatala.

"Ndimufunse chiyani? Iyeyo Dar anayamba waiona?"

"Kufunsa sikutha malovu."

"Mayi a Thandi, kwathu mlendo akamabwera timazira nyumba. Mungapite ku ukwati ndi diresi yosuluka inu? Azunguwa galimoto amazikonda, koma kusamala sadziwa. Akaone mmene Mmalawi amaivekera galimoto."

A Vailet anangoti, "Chabwino, akatswiri," n'kukadzitenthetsera chakudya.

Datsun inapita ku Foleshill, kwa Dumi, mkulu wopenta matakisi. Dumi atafunsa ngati akunenetsadi, a Dixon anamuuza kuti apale mpaka chitsulo chioneke. Anapala. Lalanje uja anagwa pansi ngati gaga, ndipo pamalo pake panabwera penti woyera wonyezimira wothobwa m'maso. Magalasi anawadetsa. Matayala anawaveka marimu owala ngati mbale za paukwati. Mipando anaikamo yachikopa chofiira, kumbuyo masipika awiri aakulu ngati zidebe. Pagalasi lakumbuyo analembapo zilembo zagolide kuti ZONSE NDI NTHAWI. Wailesi yakale, mipando, chiwongolero, ngakhale timapepala ta zilembo za Chijapani tomwe tinamatidwa pansi pa boneti, zonse anazipereka kwa anthu otola zitsulo aja oyenda ndi lole akuliza lipenga m'misewu. Anawathokoza n'kuwathokoza powachotsera zinyalala.

David anaimba kawiri kufunsa ngati zonse zili bwino. A Dixon anayankha kuti, "Mudzaona nokha," n'kudula foni akuseka.

Loweruka la chionetsero linacha ndi dzuwa, chinthu chosowa kuno. A Dixon anavala suti yoyera yofanana ndi galimoto. A Vailet anakhala pambali, mawondo ali pachibwano, atagwira makutu chifukwa cha masipika. Kumbuyo kunkabwera minibasi ya mpingo, motsogozedwa ndi Mayi Liness a chigwirizano, itanyamula mpunga, nkhuku ndi mandasi, koma inatsalira pa malo omwetsera mafuta.

Pageti anaima David, atavala chijasi chachikasu, pepala la mayina lili m'manja. Anayang'ana galimoto yoyera ija n'kuloza kumanzere.

"Alendo mupakinge uko."

A Dixon anatsitsa galasi. "David, ndine! Mwaiona?"

Nkhalamba ija inaima ngati yaponda msomali. Inazungulira galimoto kamodzi, pang'onopang'ono. Inasuzumira m'kati. Inatsegula boneti n'kuyang'ana pamene panali timapepala tija.

"Wailesi ili kuti?"

"Ndinataya. Imangogwira phokoso."

"Mipando?"

"Yong'aluka ija? Imvani chikopa ichi, gwirani."

David sanagwire. Anavula chipewa n'kupukuta pamphumi. "Bambo Dixon, galimoto izi zinabwera zochepa m'dziko muno. Mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira unazidya pafupifupi zonse. Zotsalazo anthu anaziwotcherera, anazipenta, anazisintha. Yanuyi inali isanakhudzidwe. Penti uja anapakidwa ndi manja a anthu a kufakitale ku Japan, ine ndili mnyamata. Injini ikafa timaidzutsa. Penti ameneyo sadzukanso."

"Koma anali wosuluka!"

"Kusulukako ndi kumene anthu abwerera kudzaona. Mzere woyamba ndi wa zosakhudzidwa. Pepani. Kumanzere."

Choncho Datsun ya a Chisambi inakaima pa udzu wa alendo, pakati pa vani ya munthu wokonza mipope ndi kagalimoto konunkha agalu. A Vailet anatuluka n'kuwongola msana.

A Dixon analowa m'bwalo wapansi. Galimoto zinandanda ngati akwati, zofiira, zasiliva, zobiriwira, zina nyali zake zotseguka ngati zikope. Amuna aimvi anagwada pa udzu akusuzumira kunsi. Pamene anthu anaunjikana kwambiri panali kagalimoto kosuluka kuposa kawo kaja, mpando wake womatidwa ndi tepi, mwiniwake akufotokoza monyada kuti ngakhale fungo lam'kati ndi lomwelija. Pafupi pake panali malo opanda kanthu, udzu wometedwa bwino, ndi chikwangwani cholembedwa dzina la Dixon Chisambi, chaka cha 1972, ndi mawu oti sinakhudzidwepo.

Bambo wina wandevu zofiira, kamera yaikulu ili pakhosi, anaima pomwepo akuyang'ana wotchi.

"Ndanyamuka ku Glasgow m'mamawa chifukwa cha galimoto imeneyi," anatero. "Mwiniwake mukumudziwa?"

A Dixon, munthu amene dzina lake analilemba m'mbali mwa mavani onse ndi zilembo zofika m'chifuwa, anayang'ana chikwangwani chija ngati akuliwerenga koyamba.

"Ayi, sindikumudziwa. Mwina wadwala."

Pomwepo nthungululu inang'amba bwalo lonse. Azungu anatembenuka. Mayi Liness anali kubwera patsogolo pa gulu la zitenje, poto wa mpunga ali m'manja.

"A Chisambi athu awo! Taonani dzina pachikwangwani! Koma galimoto ija mwaibisiranji kumavani? Taiona ife, yakongola ngati ya mkwati!"

A Dixon anayesa kuwatsinzinira diso. Mayi Liness anaganiza kuti ndi fumbi. Anatembenukira kwa bambo wandevu uja n'kumuuza m'Chingerezi chomveka mpaka kugeti kuti mwiniwake ndi ameneyu, kuti galimotoyo inali chiphakasa koma waisandutsa yatsopano ndi nzeru zake zokha, osafunsa munthu. Anamugwira dzanja, ndipo mpingo wonse unamuperekeza ku udzu wa alendo ukuimba. Anthu ena a makamera anatsatira pambuyo. A Dixon anabwera kumapeto, suti yoyera ikuwalemera ngati yonyowa.

Bambo wa ku Glasgow anaima patsogolo pa Datsun nthawi yaitali. Anayang'ana marimu, anayang'ana masipika. Kenako anatulutsa chivundikiro m'thumba n'kutseka diso la kamera yake.

"Ndani anakulangizani?" anafunsa motsitsa mawu, ngati pamaliro.

Anayankha ndi a Vailet, akulandira mbale ya mpunga kwa Mayi Liness.

"Palibe, bambo. Amuna anga safunsa. Amadziwa."

Mpingo unaomba m'manja, poganiza kuti akuwatamanda.

Galimotoyo ilipobe, ndipo pa maukwati a Amalawi kuyambira ku Wolverhampton mpaka ku Coventry imajambulidwa kwambiri. Koma Ogasiti akafika, a Dixon amaifunditsa nsalu n'kupeza ntchito yosamutsa munthu kutali. Akuluakulu anaona patali pamene ananena kuti safunsa anadya phula.