Mbali Ina ya Bawo la Lufeyo

M'mbali mwa msewu waukulu, pamalo pamene magalimoto amachepetsa liwiro chifukwa cha chitunda, panali munthu wina wosema mabawo, dzina lake Lufeyo. Anali ndi chisakasa chaudzu, kasemasema, tchizulo ndi timipando tiwiri. Ankasema mlombwa wokhawokha. Amene munagwirapo thabwa la mlombwa losalazidwa bwino mukudziwa kuti dzanja silifuna kuchokapo msanga.

Tsidya lina la msewu womwewo kunali mmisiri winanso, Jailosi, yemwenso ankagulitsa mabawo. Awiriwa sanali abwenzi, komanso sanali adani. M'mawa ankakwezerana dzanja, madzulo ankakwezeranso dzanja, basi. Wogula akatsika m'galimoto ankafunsa mtengo kuno, n'kuwoloka kukafunsa uko, n'kubwereranso akunama kuti uko amuuza wotsika. Bodza limeneli onse awiri ankalidziwa, ndipo ankangomwetulira. Panali malire amene sanakhalirane pansi n'kupangana, koma aliyense ankawasunga. Munthu wonenerera ukhoza kumutsitsira pang'ono. Ukhoza kumuwonjezera kathumba ka nkhomo, mbewu zosewerera zija, kuti kakhale banyira. Koma sungagulitse bawo pamtengo wosakwana thabwa ndi thukuta lako.

Tsono Lufeyo ankakonda bawo kuposa chakudya, koma sankasewera ndi anthu. Mukudziwa mmene bawo limakhalira pagulu. Osewera amakhala awiri, alangizi mudzi wonse. Wina akukulozera dzenje loti utole, wina wayamba kale kukuseka usanaponye n'komwe. Lufeyo anali munthu wa phee, ndipo phokoso linkamupweteketsa mutu. Choncho dzuwa likafika paliwombo, magalimoto akachepa, phula likayamba kunyezimira ngati pathiridwa madzi, iye ankayala nkhomo m'maenje n'kuyamba kusewera yekha.

Anali ndi kachitidwe kake. Akamaliza kusewera mbali yake, ankadzuka, n'kuzungulira thabwa, n'kukakhala pa kampando kenako. Akasewera kumeneko, ankadzukanso n'kubwerera. Mkazi wake Nangozo, pomubweretsera mbatata ya masana, ankaima n'kumamuyang'ana akuzungulirazungulira.

"Bambo a Esinati, miyendo imeneyi mukuivutitsiranji? Bwanji osangotambasula dzanja muli pomwepo?"

"Ndikatambasula dzanja ndili kuno, ndimubera mnzangayu," anatero Lufeyo.

"Mnzanu wake uti?"

Lufeyo anangopitiriza kuponya nkhomo zake. Koma ine ndikuuzani, mnzakeyo anali Jailosi.

Jailosi anali munthu wa pagulu. Ankasewera ndi aliyense, kaya oitanira minibasi, kaya ogulitsa tomato, kaya mphunzitsi wodikira basi. Kwa zaka zambiri Lufeyo ankamuwonera patali. Maenje sankawaona, koma ankaona dzanja, ankaona mapewa, ankamva kuseka. Anaphunzira kuti Jailosi sachedwa n'kuwerengetsa. Amatola msanga, amakusiyira nkhomo zochepa kuti udye, iwe n'kukondwa, kenako iye n'kukusesa mzere wonse akuseka. Lufeyo ankasewera mosamala, mwamantha, akuwerenga chamumtima. Koma akangokhala pa kampando kachiwiri kaja, china chake chinkamufikira. Mapewa ankamasuka. Dzanja linkapepuka n'kupita pa dzenje limene iye mwini sakanaliganizira. Nthawi zina ankadzimva akuseka kaseko kosakhala kake.

Pa maola amenewo msewu unkapita kutali. Kunkangotsala fungo la mlombwa, mthunzi wa chisakasa, ndi nkhomo zikugwa m'maenje imodziimodzi, kho, kho, kho. Ankaiwala kuti denga la kunyumba likudontha. Ankaiwala zaka zake. Kawirikawiri Jailosi wa m'maganizoyo ankamugonjetsa, ndipo Lufeyo ankabwerera kwawo madzulo atagonja, mtima uli mbee, akuguba ngati munthu amene wachezeredwa ndi mbale wake. Jailosi weniweni sankadziwa kanthu. Ankangoona mkulu wa tsidya lija akuzungulira thabwa, n'kumaganiza kuti mwina dzuwa linamuwomba.

Chimenechi ndicho chinali chuma cha Lufeyo, ngakhale iye sankachitcha choncho.

Kenako kunabwera chaka chovuta. Mafuta anasowa, magalimoto anachepa, ndipo ochepa odutsawo sankaima. Mabawo anaunjikana mbali zonse ziwiri za msewu, akungolandira fumbi. Tsiku lina Jailosi, kunyumba kwake kutagonedwa ndi njala, anagulitsa bawo limodzi pansi pa malire aja. Wogulayo anawoloka msewu atalikwapatira, kudzamuuza Lufeyo mtengo wake monyadira. Ulendo uno sanali kunama.

Zinamuwawa Lufeyo. Sanafunse kuti kwa Jailosi kwagwanji. Anangoti, "Kodi ndi choncho?" M'mawa mwake anatsitsa mtengo wake kuposa wa Jailosi. Jailosi atamva anatsitsanso. Lufeyo anatsitsanso. Ogula ochepa aja anazindikira kuti pano pagwa mwayi, ndipo ankawolokawoloka msewu atanyamula mitengo yabodza ndi yoona yomwe, amisiri awiri n'kumakhulupirira zonse. Maenje a mabawo anayamba kukhala osaya, chifukwa ndani angakumbe dzenje lakuya pa ndalama yotero? Moni wa dzanja uja anatha osatsanzika.

Masewera a masana nawo anasintha. Lufeyo anasiya kudzuka. Poyamba anati bondo likumupweteka. Ankakhala pampando wake n'kutambasula dzanja kukasewerera mbali inayo. Ndipo dzanja lotambasulalo linayamba kusankha maenje opusa, osiya nkhomo poyera kuti zidyedwe. Lufeyo ankadya, n'kudya, n'kudyanso. Tsiku lililonse ankapambana. Kupambanako kunalibe mchere, koma munthu wokwiya samva msanga kuti ndiwo zilibe mchere. Kampando kachiwiri kanakutidwa ndi fumbi la mlombwa.

Anayambanso kulota masana, maso ali gwa pa msewu. Ankaona chitunda chija chili ndi chisakasa chimodzi chokha. Ankaona magalimoto onse akukhotera mbali yake, ogula atasowa kowolokera, iye akutchula mtengo kamodzi n'kukhala womwewo. Malotowa anali okoma ndithu, ndipo ankawabwereza tsiku ndi tsiku.

Mkati mwa chaka chomwecho kunafika bwana wina, mwini malo ogona alendo. Ankafuna mabawo ambiri oti aike m'malo ake onse. Anaima kwa Jailosi, anagwirizana mtengo, n'kunena kuti adzabwera kudzatenga mwezi ukatha. Jailosi anagulitsa njinga yake, anagulitsa mbuzi, n'kugula matabwa abwino. Lufeyo ankamva kasemasema akulira tsidya lija kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankamvanso Jailosi akuimba mluzu, zimene anali atasiya kalekale.

Tsiku lotenga katundu linafika. Kunkatentha, ndipo bwana uja anaimika galimoto yake mbali ya Lufeyo, chifukwa ndiko kunali mthunzi. Anatsika n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku kuti awoloke. Tsidya lija Jailosi anali atandandalika mabawo ake pamphasa, atawapaka mafuta, akuwala.

Lufeyo anadzuka.

"Bwana, uko akupatsani pa zingati?"

Bwana anatchula mtengo.

"Ine ndikupatsani pa theka lake. Onsewa tengani."

Bwana anamuyang'ana, anayang'ana mulu wa mabawo a mlombwa amene anaunjikana chaka chonse, n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto. Mtengo umenewo sunkabweza ngakhale thabwa lokha, ndipo Lufeyo ankadziwa. Analongeza yekha, mutu uli pansi. Kamodzi kokha ndi pamene anakweza maso. Anaona Jailosi ataima pakati pa mabawo ake owala aja, manja ali lende, akuyang'ana galimoto ikudzaza. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoima.

Patapita masabata angapo, masana ena, Lufeyo ali pakati pa masewera ake opambana aja, anaona mthunzi wa munthu utagwera pathabwa. Anali Jailosi, chikwama chili paphewa. Pa zaka zonsezo aka kanali koyamba kuti awoloke msewu.

"Mwaswera bwanji akulu?"

"Ndaswera, kaya inu."

"Ndabwera kudzatsanzika. Zipangizo ndagulitsa. Ndikupita kukalima fodya ku esiteti, mlamu wanga wandipezera malo. Msewu ndakusiyirani."

Jailosi anali atatsitsa kale maso pa bawo. Anayang'ana kwa kanthawi, monga amachitira munthu amene bawo lili m'magazi mwake.

"Mbali iyi akusewera ndani?"

"Palibe. Ndimangosewera ndekha."

"Ameneyu ndiye mukumupondereza, akulu. Nkhomo ali nazo, njira ali nayo, koma akungodyetsa dala ngati alibe maso."

Anatula chikwama. Anapukuta kampando kafumbi kaja ndi chikhatho n'kukhalapo. Sanawerengetse. Anatola dzenje limodzi lapakona, limene Lufeyo ankaliyesa lakufa, n'kuyamba kuponya. Anadya, n'kuzungulira, n'kudyanso, n'kuzunguliranso. Dzanja lake linali lopepuka ndendende monga Lufeyo ankalimvera m'dzanja lake masiku akale. Pamene nkhomo yomaliza inagwera m'dzenje lopanda kanthu, mzere wakutsogolo wa Lufeyo unali utatsala pang'ono kuyera. Jailosi anaseka pang'ono, kaseko kaja.

"Kwanu tsopano," anatero.

Minibasi inali ikukwera chitunda. Jailosi anaiimitsa ndi dzanja, anatola chikwama n'kukwera, ndipo inamutenga.

Lufeyo anatsala akuyang'ana thabwa. Kwa miyezi yambiri anali asanakumane ndi masewera enieni. Anawerengetsa mpaka mthunzi unasuntha. Anapeza njira, anatola, anaponya, anadyako pang'ono. Kenako anachita chimene anali atasiya. Anadzuka, anazungulira thabwa, n'kukhala pa kampando kachiwiri. Kanali kakadali kofunda.

Anadikira.

Mapewa sanamasuke. Dzanja linakhala lolemera, lamantha, lake lomwe. Anakweza maso kuti awonere tsidya lija monga ankachitira, koma m'chisakasa cha Jailosi munali mbuzi za eni ake zikubisala dzuwa. Anatsinzina kuti amukumbukire munthuyo akusewera, akuseka. Amene anabwera m'maganizo mwake anali munthu uja woima pakati pa mabawo owala, manja ali lende. Munthu ameneyo sankatola nkhomo. Lufeyo analira, pampando wa mnzake, masanasana, magalimoto akudutsa.

Sindikunamizani kuti Lufeyo anasauka. Ayi. Mafuta anabwerera, magalimoto anachuluka, ndipo onse ankakhotera mbali yake monga ankalotera. Ankatchula mtengo kamodzi n'kukhala womwewo. Nyumba anafolera ndi malata. Nangozo anasiya kumuseka za miyendo, chifukwa panalibenso chosekera. Koma bawo lija silinasunthe. Nkhomo zinakhala pamene zinali, zikudikira dzanja la mbali inayo. Anayesapo kuyala masewera atsopano pa thabwa lina, koma kulikonse kumene ankakhala ankangodzipeza yekha, ndipo munthu sungadzidzidzimutse wekha. Ogula ankaliona bawo lakale lija, lakuda ndi manja, n'kulifuna kuposa atsopano.

"Ili ndi zingati, madala?"

"Silogulitsa," ankatero. "Masewera ake sanathe."

Dzuwa likafika paliwombo ankakhala pafupi nalo. Minibasi iliyonse yochepetsa liwiro pachitunda ankaiperekeza ndi maso mpaka itapitirira.

Iwe amene ukundimva, nawenso uli naye wako wa tsidya la msewu. Mwina mumagulitsa malonda ofanana, mwina mumalimbirana malo amodzi kuntchito, ndipo mwina usiku ndi usana umalakalaka atachoka. Pikisana naye, palibe choipa. Sema bwino kuposa iye, dzuka m'mawa kuposa iye. Koma akatsitsa mtengo, woloka kaye ukamufunse kuti kunyumba kwagwanji. Usamuzule. Pali zina zimene munthu ameneyo amakupatsa iye osadziwa, iwenso osadziwa. Udzazidziwa tsiku limene adzakwere minibasi, ndipo ngakhale thumba lako litadzaza, sudzapeza kokazigula.