Zala Zisanu Pakamwa pa Mtsuko

Ana inu, mukadzamva munthu wamkulu akuusa moyo n'kunena kuti madzi akatayika sawoleka, musadzaganize kuti akudandaula madzi enieniwa, poti madzi ali mbwee kumjigo. Mawuwa anayambira pakhonde la nyumba ina ku Mitundu, ndipo woyamba kuwamva anali mayi wina dzina lake Felesiya. Alipo amene adzakutsutseni kuti mawuwa ndi akale kuposa Mitundu. Asiyeni atsutse, ine ndikukuuzani mmene ndinamvera.

Felesiya anali mkazi wa kalipentala wina, Lemisoni, ndipo anali ndi manja aluso. Chimene anzake ankataya kudzala, iye ankachitola. Lichero lakutha analipaka utoto n'kulikoloweka pakhoma. Ketulo yobooka anaidzalamo duwa n'kuiika pazenera. Mtondo wong'aluka anautembenuza, kuuyalira kansalu, unasanduka katebulo, ndipo simbi yamakala yothyoka chogwirira ndiyo inkatsamiritsa chitseko mphepo ikamaomba. Amayi oyandikana naye ankamuseka akamadutsa, amvekere, "Bisani mapoto anu, wabwera uja!" Koma omwewo ndi amene ankabwera kudzasirira. Lemisoni nayenso ankati tsiku lina adzadzuka atapakidwa penti, duwa lili m'khutu.

Panyumba ponsepo panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkamuwawa m'maso Felesiya. Unali mtsuko wa apongozi ake aamuna, a Kaliwo.

A Kaliwo anali nkhalamba ya ng'ala m'maso onse awiri. Anakhala pachikamwini ku Linthipe zaka makumi anayi, ndipo akazi awo, a Nangozo, atamwalira, akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo. Kwawo kunalibenso wowalandira, choncho Lemisoni anakawatenga. Pa katundu yense wa m'nyumba muja, nkhalambayo inangopempha mtsuko umodzi umene a Nangozo anaumba ndi manja awo, ndipo inaufungatira pamiyendo ulendo wonse.

Kunena zoona, mtsukowo unali wosaoneka bwino. Unali wakuda, wandere kunsi, ndipo pakamwa pake panali timaenje tisanu, ngati woumbayo anachita ulesi kusalaza. Koma timaenjeto tinali ndi mbiri yake. Tsiku limene a Nangozo ankaumba mtsukowo, ukwati udakali wa miyezi, a Kaliwo anawanyang'amira kumbuyo n'kuwadzidzimutsa. Mayiwo anagwira dongo laliwisi mwamphamvu, zala zonse zisanu n'kulowa. Atafuna kusalaza, amuna awo anakana, ndipo unaotchedwa uli chomwecho. Tsopano maso atafa, chithunzi chinalibenso ntchito kwa a Kaliwo. M'mawa uliwonse ankadzaza okha mtsukowo ndi madzi a m'ndowa, n'kukhala pansi, kuika zala zawo m'timaenje tija, milomo ikugwedera. Umo ndi mmene ankagwirira dzanja la akazi awo.

Felesiya zimenezi sankazidziwa. Ankaonera pazenera n'kumaganiza kuti nkhalambayo ikufufuza chikho. Kufunsa sakanafunsa, pakuti mkazi ndi apongozi ake aamuna sacheza ngati mabwenzi a pamtondo. Ankagwada chapatali, kupereka moni, kuika chakudya n'kubwerera. Zaka ziwiri zinatha mawu awo ali omwewo: "Mwadzuka bwanji, bambo?" "Ndadzuka, mayi, kaya inu." Ulemu umenewu ndi wabwino, ine sindikuunyoza, koma ndi umene unawalepheretsa kudziwana anthu awiri okhala khomo limodzi.

Kamodzi kokha anayesa kudzera kwa mwamuna wake.

"Bambo a kunyumba, mtsuko uja ukuipitsa khonde."

"Usiye, ndi wa madala," anayankha Lemisoni, maso ali pa thabwa limene ankapala. Nayenso za timaenje sankazidziwa.

Ndiye kunabwera uthenga woti kuchipatala cha mumzinda kwafika madokotala a maso. Lemisoni anatenga bambo ake, akuti akakhalako sabata yathunthu. Sabata yomweyo inali nthawi ya Felesiya yolandira amayi a kumpingo Lachinayi. Anasesa, anakolopa, anasuntha ichi ndi icho, koma akatuluka pakhonde maso ake ankangogwera pa mtsuko uja.

Musamuyese woipa mtima. Mumtima mwake ankati akuwachitira zabwino apongozi ake. "Akabwera akuona," anadziuza, "chinthu choyamba kuchiona chikhale mtsuko wa malemu uli wowala, duwa lili m'kati. Madzi ndiwagulira ndowa yapulasitiki yokhala ndi kampopi, asamavutikenso ndi chikho."

Lolemba anakhuthula madzi n'kupala ndere. Lachiwiri anatenga sandipepa wa mwamuna wake n'kuyamba kukwecha pakamwa paja. Dongo lootcha ndi louma, ndipo timaenje tinali takuya, koma Felesiya sanali munthu wosiyira ntchito panjira. Anakwecha mpaka zala zake zinatuluka matuza, fumbi lofiira lili mbuu pachitenje, ndipo dzuwa likupendeka pakamwa ponse panali see. Kenako ananyowetsa kunsi kwa mtsuko, n'kumapotokola msomali pang'onopang'ono mpaka anaboola kabowo kotulukira madzi a duwa. Anaupaka penti yobiriwira, kujambulapo timaluwa toyera, n'kuubwezera pamalo pake kuti uume. Dothi anati athira mawa lake.

Lachitatu masana anamva mawu pabwalo. Anali Lemisoni, atagwira bambo ake dzanja. Madokotala anali atanena kuti maso aja anachedwa nawo, palibe chimene angachite. A Kaliwo anabwerera mumdima womwe anapita nawo.

Felesiya anathamangira kukhitchini kukakonza chakudya, mtima uli m'malere ndi nkhani ya masoyo, mtsuko n'kuuiwala. Nkhalambayo sinafune mpando kapena madzi osamba. Inapapasa khoma mpaka pakona pake, inagogoda mtsuko ndi chala n'kumva kuti mulibe madzi. Inafufuza ndowa, kuinyamula n'kukhuthulira mumtsukomo madzi onse.

Felesiya anatuluka atamva kuti chuu! Madzi ankatuluka kunsi kwa mtsuko, kudutsa pa mapazi a apongozi ake, kutsika pakhonde n'kumalowa m'dothi la pabwalo. A Kaliwo anaima osagwedezeka. Kenako anagwada m'madzi momwemo n'kuika dzanja pakamwa pa mtsuko. Zala zinazungulira kamodzi. Zinazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono, mpaka kachitatu.

"Lemisoni," anaitana motsitsa mawu, "mtsuko wa amayi ako uli kuti?"

"Ndi womwewo, bambo. Angoukongoletsa."

"Ayi. Wa amayi ako uli ndi zala."

Felesiya anaiwala manyazi onse a chipongozi. Anagwada pafupi nawo kuposa mmene anagwadirapo chibwerereni iwo pakhomopo.

"Ndine ndachita, bambo. Timaenje tija ndimayesa kulakwitsa kwa woumba, ndiye ndatisalaza."

"Mwasalaza?"

"Eya, bambo."

Pamenepo nkhalambayo inafotokoza za tsiku la dongo laliwisi lija, mosakalipa, ngati ikusimba nkhani ya anthu ena. Lemisoni anatembenukira kukhoma. Felesiya anamva chisoni chimene sanachimvepo chibadwire, ndipo posowa chochita anavula mpango wake n'kuyamba kuuviika m'madzi a pansi aja, kumafinyira mumtsuko. Ankafinya akulira, madziwo n'kumatulukanso pabowo lomwe anaboola yekha.

"Ndikonza, bambo. Penti ndiichotsa, bowo nditseka. Ndikonza ndithu."

A Kaliwo anamva kufinyako. Anatambasula dzanja n'kugwira mpango uja kuti asiye.

"Lekani, mayi. Madzi akatayika sawoleka."

Amayi a kumpingo anabwera Lachinayi, nayamikira lichero, ketulo ndi mtondo. Mtsuko sanauone, chifukwa Felesiya anali ataubisa kuseri kwa nyumba, kumene anatha masiku akupala penti ndi mpeni. Bowo analitseka ndi simenti. Kenako anapita kudambo kukakumba dongo, kulimata pakamwa pa mtsuko n'kudindapo zala zake zisanu pamalo pamene ankakumbukira. Litauma, anaunyamula n'kukauika pamaso pa apongozi ake.

Nkhalambayo inaika dzanja pamenepo. Inayesa chala ichi, inayesa icho, kenako inachotsa dzanja n'kuliika pabondo.

"Mwavutika, mayi, zikomo. Koma izi ndi zala zanu. N'zazifupi."

Kuyambira tsiku limenelo a Kaliwo sanakhalenso pakona paja. Madzi ankamwa a m'ndowa yapulasitiki, pang'ono chabe, ndiponso akachita kukakamizidwa. Sanamunenere Felesiya mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkamupweteka kwambiri mayiyo. Bola akanamukalipira. M'mawa ankawaona ali pamphasa m'nyumba, dzanja lili pabondo, zala zikupinda ndi kutambasuka popanda chogwira. Chisanu cha mwezi wa Juni chitafika, a Kaliwo anagona masiku anayi n'kutsikira kuli chete.

Felesiya anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo luso lake silinathe. Koma munthu akamubweretsera chinthu chakale kuti amukongoletsere, ankayamba wamukhazika pansi n'kumufunsa kuti chinali cha yani, ankachitira chiyani, nanga chipsera ichi chinabwera bwanji. Ena ankatopa nawo mafunsowo. Iye ankangowalozera mtsuko umene unali pakona pa khonde, wopanda duwa, wopanda madzi, n'kuwauza mawu amene anamva atagwada m'matope tsiku lija. Anthuwo anapita nawo mawuwo kwawo, mpaka anafika kwa ife.

Ndiye mukamva kuti madzi akatayika sawoleka, tanthauzo lake ndi lakuti zilipo zinthu zimene zikachitika zachitika. Kupepesa kungakhalepo, kukhululuka kungakhalepo, koma chimene chawonongeka sichibwerera mwakale. Mwambiwu amanenera wolira, kuti aleke kudzizunza ndi zosatheka, monga a Kaliwo anagwirira mpango wa mpongozi wawo. Amanenanso pochenjeza amene sanachite kanthu, kuti ayambe waganiza ndi kufunsa madzi adakali mumtsuko. Felesiya anakwecha tsiku lathunthu kuti afafanize zala zija, pamene funso limene likanazipulumutsa linali la mawu atatu okha: "Bambo, timaenjeti n'tachiyani?"