Mai Pumbwa ndi Ngumbi Imodzi

Kalekale, mbalame zisanadziwe legeni, mumtengo wa mkuyu munali zisa ziwiri. China cha Mai Pumbwa, china cha Mai Timba. Aliyense anali ndi mwana mmodzi.

Mai Pumbwa ankakonda macheza, pakamwa posatsekeka. Koma mwana akamalira, mayi angachoke bwanji? Ndiye anapeza nzeru. Mwana akangoyamba kulira, iwo amvekere, "Kabawi uyo! Akudya!" Kamwana nkuti zii ndi mantha. Mayi ulendo wa kumiseche mpaka dzuwa kupendeka.

Lero kabawi. Mawa kabawi. Mkuja kabawi. Kabawi mwiniwakeyo ali kutali, sakudziwa nkomwe kuti watchuka.

Mai Timba ankachita zina. Mphepo ikawomba, ankafungatira mwana. "Ndi mphepo chabe, gona." Nkhuyu ikagwa, "Ndi nkhuyu chabe, gona." Tsiku limene kabawi anadutsadi, anati, "Yang'ana m'mwamba. Woyenera kumuthawa ndi ameneyo."

Ana anakula. Mai Pumbwa anakalamba, phiko limodzi linauma, kuuluka kunakanika. Chakudya chawo chinali pamlomo pa mwana.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zinatuluka pachulu. Mwana wa Pumbwa anatola zonona kuti akapatse mayi ake. Koma pafupi panali Mnthengu, mbalame yakuda ija, yaulesi koma yochenjera. Anangoti, "Kabawi!" Mwana wa Pumbwa anataya zonse, liwiro kukabisala. Mnthengu kudya, kudya, nkupukuta mlomo.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu Mnthengu sanavutikenso ndi kufuula. Anangotsokomola.

Njala inawapanda Mai Pumbwa mpaka maso kulowa m'kati. "Mwanawe, anzako akunenepa, iwe ukundibweretsera mlomo wouma?"

Mwana wa Timba anamva chisoni. "Achimwene, Mnthengu akafuula, yambani mwayang'ana m'mwamba. Tiyeni, ndikhala pambali panu."

Mnthengu anafuula. Mwana wa Pumbwa anafuna kuthawa, komabe anayang'ana. Kumwamba kunali mbee! Apa nkuti ngumbi zikutha, ndiye anangogwira imodzi. Imodzi yokha, koma yonona.

Anafika nayo pachisa. Mai Pumbwa poona ngumbi anasangalala, nkukupiza phiko labwino lija, phaphapha! Mwana kudzidzimuka, mlomo yasa! Ngumbi inagwa pansi, buluzi anati zikomo.

"Iwe! Ndine mayi ako! Ukuopanso ine?"

"Pepani amayi. Mutu unadziwa kuti ndinu, koma mtima unali utathawa kale."

 Tsiku limenelonso Mai Pumbwa anagona ndi njala.

Ndiye iwe Nankhoma mwana wanga, m'mawa muja ndakumva ukuuza mdzukulu wangayu kuti akalira, adokotala amubaya jekeseni. Pitiriza mayi, pitiriza. Koma udzakalamba, ndipo wodzakuperekeza kuchipatala ndi yemweyu. Akadzangoona chovala choyera, adzakusiya pageti, iye liwiro.

Yangayi yathera pomwepo. Kamunyamule mwanayo.