Ng'ala ya a Kadzuwa

Kuseri kwa nyumba ya a Feston Kadzuwa, pafupi ndi Mua Mishoni, kunali chisakasa chomwe ankasemeramo ziboliboli. Kwa zaka makumi atatu kasemasema wawo sankagona, ndipo Lamulungu lililonse ndiwo ankawerenga Mawu m'tchalitchi, liwu lawo n'kumamveka mpaka pabenchi yomaliza. Anthu ankati bambo ameneyu Mulungu adamudalitsa pawiri, m'manja ndi pakamwa.

Koma ukalamba suchita odi. M'maso mwawo munayamba kuchita chifunga, choyamba kumanzere, kenako konsekonse. Akazi awo, a Bernadeta, anawakokera kuchipatala, kumene anauzidwa kuti ndi ng'ala, ndiponso kuti madokotala a maso amabwera miyezi ingapo iliyonse kudzachotsa ng'ala kwa anthu.

"Kampeni m'diso langa? Toto!" anatero a Kadzuwa atangofika kunyumba. "Amene adatsegula maso a akhungu sadasinthe. Ndikapita kumeneko ndiye kuti ndamukayikira."

"Bambo a Ireen, nanga madokotalawo adawalenga ndani?"

"Inu mayi a Ireen, za chikhulupiriro ndisiyireni. Chozizwitsa changa chili m'njira."

Anapemphera, anasala kudya, anasamba kumaso ndi madzi odalitsidwa m'mawa uliwonse. Madokotala anabwera n'kupita, anabweranso n'kupitanso, iwo ali gwa ngati mwala wa mumtsinje. Chifunga chija chinasanduka mtambo. Tsiku lina akuchokera ku Misa anavulira chipewa chitsa cha msangu, nati, "Mwadzuka bwanji, bambo mfumu?" Amayi omwe ankabwera pambuyo anaseka mpaka kugwirana. Sabata yotsatira kasemasema anaphonya mtengo n'kuwatema chala chachikulu. Kuwerenga m'tchalitchi anapatsidwa wina. Munthu amene ankadzutsa mudzi ndi phokoso la ntchito anayamba kungokhala pachisakasa, manja ali m'khosi, zida zake zikuchita dzimbiri. Ansembe analankhula nawo, akhristu anzawo a mu mphakati analankhula nawo, koma onsewo ankangothira madzi pamsana pa bakha.

Lachisanu lina kunafika Rahema, mayi wachisilamu wa ku Mtakataka, amene ankayenda m'midzi ndi beseni la usipa wouma. A Bernadeta atalowa m'nyumba kukatenga mbale, Rahema anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa maso a mwini khomo.

"Pepani bambo, imeneyi si ng'ala? Mayi anga anawachotsa chaka chatha. Panopa amalowetsa okha ulusi pa singano."

"Mwana wanga, ife tili ndi Dokotala wathu," anayankha a Kadzuwa. Ndipo poti anali atasowa wowamvetsera kwa nthawi yaitali, anamufotokozera za munthu amene adabadwa wosaona: kuti Yesu adakanda thope ndi malovu, namupaka m'maso, namutuma kukasamba ku dziwe lotchedwa Siloamu, ndipo munthuyo adabwerako akuona.

Rahema, amene ankaimva koyamba nkhaniyi, anamvetsera ngati mwana.

"Dziwelo linali pompo?"

"Ayi, adayenda ndithu."

"Ali wosaona, thope lili kumaso, anthu akumuseka m'njira?"

"Eya."

"Koma anali wolimba mtima! Nanga akanati, ine thope ayi, dziwe ayi, ndichizeni ndili pompano, akanaona?"

Nkhani imeneyi a Kadzuwa anali ataiwerenga pamaso pa anthu kosawerengeka, koma funso limeneli linali lisanawafikepo. Rahema anapima usipa wake, anatsanzika, n'kusenza beseni kulowera ku Golomoti, osadziwa n'komwe kuti wasiya moto kumbuyo.

M'mawa mwake bambowo anaitana akazi awo.

"Mayi a Ireen, madokotala aja akubweranso liti?"

A Bernadeta anangoti pansi khu, tsache lili m'manja. "Mwati bwanji?"

"Ndati akubwera liti. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti andichize, koma ndimamuuza ndine kachizidwe kake. Iye wanditumizira thope kawiri konse, ine n'kumalikana."

Patapita milungu itatu, a Kadzuwa anagona pabedi la kuchipatala, kolona ili m'manja. Ntchitoyo inatha asanamalize n'komwe kupemphera. Kutacha, namwino anamasula bandeji pang'onopang'ono. Kuwala kunalowa ngati madzi otsegulidwa pa mpopi. Anaona zenera, anaona tsamba lililonse la mtengo wa mango panja, kenako anaona nkhope ya munthu amene anakhala naye zaka makumi anayi.

"Mayi a Ireen! Imvi zonsezi mwazitenga liti?"

"Mwandimeretsa ndinu ndi makani anuwo!" anayankha a Bernadeta, misozi ikutsika uku akuseka.

Wodi yonse inaphulika ndi chiseko. A Kadzuwa anayambitsa nyimbo yoyamika, ndipo odwala anzawo, ena diso limodzi lili chomangidwa, anavomera. Pobwerera kwawo anakana kukwera njinga ya kabaza. Anafuna kuyenda wapansi, kuwerenga chikwangwani chilichonse ndi kupatsa moni munthu aliyense pomutchula dzina asanalankhule. Diso lachiwiri anapita nalo okha, popanda wowakankha, atatenganso nkhalamba ziwiri za m'mudzimo zomwe zinkaopa kampeni.

Mnzawo wina wa mu mphakati, a Yohane, anawafunsa mwanthabwala kuti, "Tsono achimwene, chozizwitsa chija chinathera kuti? Wakuchizani ndi Mulungu kapena dokotala?"

"Ndinali wakhungu, lero ndikukuonani ndi malaya ovala chotembenuza," anatero a Kadzuwa. "Ngati chimenechi si chozizwitsa, ndiuzeni dzina lake."

A Yohane anadziyang'ana, napeza kuti n'zoona, ndipo onse awiri anagwa nacho chiseko.

Zimene zinakanika ansembe, abale ndi mkazi wa m'nyumba, anazitha mayi wogulitsa usipa, wachipembedzo china, ndi funso limodzi lokha. Akuluakulu sadaname pamene adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.