Manja Amene Anakana Kukoka

Panali munthu wina kumudzi wa kuseri kwa phiri, katswiri wobwezera mafupa. Sanapite kusukulu ya zimenezi ayi. Anaphunzira kwa bambo ake. Wina akabinya mwendo pa mpira, ankathamangira kwa iye. Wina phewa likaguluka, kwa iye. Ankangogwira, n'kukufunsa za kumunda kuti uiwale, kenako n'kukoka kamodzi basi. Munthu ankabwera akulira n'kubwerera akuseka. Ndiye mukudziwa inu, munthu akatamandidwa zaka makumi awiri, ngakhale kayendedwe kamasintha.

Munthuyu anali ndi mlongo wake, ndipo mlongoyo anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Ndaziona. Tsiku lina masana, nthawi yokolola, mwanayo anakwera pamwamba pa ngolo yodzaza chimanga. Gudumu linagwera m'dzenje, ngolo n'kupendekeka, mwana n'kugwa, kutsogoza mutu.

Magazi sanatuluke. Anagona chagada m'mbali mwa msewu, khosi litapendekera kumanzere, atagwira mutu wake ndi manja onse awiri. Mayi ake anafika akulira, akumasula kale chitenje kuti amubereke. Ndi mayi uti amene sakanatero? Koma asanamudzutse, atsibweni ake a mwanayo anatulukira, akupinda malaya m'mikono.

Anthu anapumira m'mwamba. "Wafika mwiniwake. Khosi lapita kumbali, alibweze."

Munthu uja anagwada, n'kuika zikhato zake uku ndi uku kwa mutu wa mwanayo.

"Ndaziona, pakupweteka pati?"

"Apa, atsibweni, pansi pa nkhongo. Zala zanga zachita dzanzi."

Apo munthu uja anaima, osakoka. Miyendo ankaidziwa, mapewa ankawadziwa. Koma kuvulala khosi, dzanzi n'kukamveka kuzala, zimenezi anali asanaziwonepo. Anakumbukira mbuzi zimene anasenda pamoyo wake: m'kati mwa mafupa a khosi mumadutsa chingwe choyera, chofewa, ndipo mpeni ukangochikhudza, miyendo yonse inayi imafa nthawi yomweyo. Anadziwa kuti akakoka molakwika kamodzi kokha, mwana wa mlongo wake sadzayendanso, mwinanso sadzapumanso.

"Chemwali, musamubereke," anatero. "Pindani chitenjecho ngati nkhata, mubwereke chinanso, tiike uku ndi uku. Amuna inu, pitani mukazule chitseko cha nyumba yanga."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati mkuluyu wakalamba. Wina anati mankhwala a m'manja mwake asukuluka. Koma mawu amene anamulasa anachokera kwa mlongo wake.

"Achimwene, ana a eni mumawachiritsa. Wanga yekha ndiye mungomuyang'ana?"

Munthu uja anayankha pamaso pa mudzi wonse, mawu amene anali asanawanenepo chibadwire: "Fupa ili sindilidziwa."

Chitseko chinabwera. Anthu anayi anamunyamula mwanayo pamodzi, thupi lonse ngati mtengo umodzi, munthu uja atagwirabe mutu momwe anaupezera. Sanauwongole. Anamumanga pachitsekopo ndi nsalu pachifuwa ndi m'miyendo, n'kumukweza pa lole yomwe inabwera kudzatuta chimanga. Msewu wake unali wa maenje okhaokha, ulendo wa maola awiri. Munthu uja anagwada njira yonse, mawondo akusupuka, manja ali pomwepo. Ntchentche inatera pamphuno pake, anaisiya.

Kuchipatala anamwino anamuveka mwanayo kolala yolimba m'khosi, kenako anachita kumasula zala za atsibweni ake chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitauma. Atamujambula, dokotala anaitana munthu uja ndi mlongo wake n'kuwawonetsa chithunzi. Fupa lachiwiri kuchokera kumutu linali litasweka. Pakati pa fupalo ndi chingwe choyera chija panatsala mpata wochepa ngati kambewu ka mapira.

"Anamugwira ndani mwanayu?" anafunsa dokotala.

"Ndine," anatero munthu uja, atawerama. "Koma sindinachite kanthu."

"Kusachita kanthu kwanuko ndi kumene kwamusungira miyendo."

Mlongo wake anakhala pansi pomwepo n'kulira, nkhope atabisa m'manja. Mawu amene analasa nawo mchimwene wake aja anamuwawa tsopano mwini wake.

Ndaziona anakhala miyezi itatu khosi lili lomangidwa, akudandaula kuti likuyabwa, akutembenuka thupi lonse akaitanidwa. Fupa linagwirana, paja mafupa a ana sachedwa. Tsiku lobwerera, anatsika basi pamsewu waukulu n'kuyenda yekha mpaka kumudzi. Anapeza pakhomo pa atsibweni ake pakulendewera mphasa. Chitseko chinali chitatsalira kuchipatala, ndipo mwini wake sanapite kukachifunsa.

Tsono inu makolo, ndi inu aphunzitsi amene mumakhala ndi ana athu tsiku lonse, mverani. Mutu wa mwana ndi wolemera kuposa khosi lake. Akagwa mumtengo, pangolo, panjinga, kapena akadumphira m'madzi osaya, povulala ndi pamwamba penipeni, pomwe mutu umakhala pakhosi. Akati khosi likupweteka, akaligwirira, akati zala zachita dzanzi, musamubereke. Musamukweze pa kabaza mutu ukugwedera. Musaliwongole, ngakhale litapendekeka motani. Mugonekeni pa chinthu cholimba, mutu ukhale momwe mwaupezera, mupite naye kuchipatala. Kumeneko amaona m'kati, ndipo ana ambiri amachira. Ine ndikunena zimene ndikudziwa.

Pakati panu pano pali akatswiri ambiri, ndikukuonani. Wina amadziwa kukoka, wina kusisita, wina kuthira madzi n'kugwedeza. Tsiku limenelo mwana ali pansi, anthu akukuwa, chikondi chanu chomwe chidzakuuzani kuti nyamula, thamanga, chitapo kanthu. Musachimvere. Gwadani, gwirani mutu, ndipo akakusekani, asiyeni aseke. Adzaleka tsiku limene mwanayo adzawadutse akuyenda ndi miyendo yake.