Dzina Lachisanu ndi Chiwiri pa Bolodi

Laibulale ya m'tauni ija inali ndi makompyuta khumi ndi awiri, atandandalikidwa m'mbali mwa khoma la kumawindo. Woyang'anira wake anali bambo wina wamtali, wa tayi yosachoka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Antchito ankawatcha a Ndanena, koma chakumbali, chifukwa mkangano uliwonse iwo ankautseka ndi mawu awiri okha: "Ndanena, ndanena." Kunena chilungamo, sanali munthu woipa. Buku likang'ambika ankalimata okha ndi guluu, ndipo mwana wasukulu akaiwala khadi ankamukalipira pang'ono n'kumulowetsa ndithu. Vuto lawo linali makutu. Anali nawo awiri ngati tonsefe, koma ntchito yake inali yokolekapo magalasi basi.

Tsiku lina mayi wina analowa mu ofesi mwawo akupumira m'mwamba, atagwira mwana wake wamkazi padzanja. Mwanayo anabwera kudzafufuza za ntchito ya kusukulu, koma anapeza zosaona pa kompyuta imene munthu wina anaisiya chitsegulire n'kuthawa. Mayiyo analankhula mpaka thovu kukamwa, ndipo palibe akanamunena kuti walakwa. Komiti ya laibulale inakhala pansi sabata yomweyo n'kupatsa a Ndanena ntchito: alembe tanthauzo la zolaula, anenenso momwe angazitsekere pa intaneti ya laibulaleyo. Anawapatsa mwezi wathunthu, n'kuwalangiza kuti akambirane kaye ndi makolo, aphunzitsi ndi a zaumoyo.

Mwezi wa chiyani? A Ndanena anamaliza zonse madzulo amodzi, tiyi wawo asanazizire n'komwe. Analemba kuti zolaula ndi chithunzi kapena kanema aliyense woonetsa malo a thupi amene munthu wolongosoka amaphimba ndi zovala. Pansi pake anawonjezera chilango: aliyense woyesa katatu kutsegula tsamba loletsedwa alandidwe khadi, ndipo dzina lake likhomedwe pa bolodi la pakhomo kwa mwezi umodzi.

M'mawa mwake anaitana mayi wokonza makompyuta, amene onse ankamutcha a Mawaya chifukwa thumba lake silinkasowa nthambo. Mayiyu anawerenga pepalalo kawiri, n'kukanda m'mutu.

"Bwana, pulogalamu yosefa ilipo, ndikhoza kuiika lero lomwe. Koma sefa imangoona kukula kwa chinthu, sidziwa ngati ndi mchenga kapena shuga. Ikaona khungu la munthu itseka, kaya ndi zauve, kaya ndi tsamba la chipatala."

"Ndiye bwino, itseke."

"Nanga ana a sukulu ya unamwino aja amadzadza muno Lachitatu lililonse? Maphunziro awo onse ndi thupi la munthu. Nkhani imeneyi maiko akuluakulu akhala akukangana nayo zaka ndi zaka. Ena akuti munthu azionetsa chiphaso cha zaka zake, ena akuti ayi, kumeneko n'kusuzumira m'chipinda cha eni. Mpaka lero sanagwirizane kuti malire ali pati. Ife tiyeni tingofunsako anthu obwera muno, ngakhale khumi okha."

"Mayi, zolaula sizifuna msonkhano. Munthu aliyense woleredwa bwino amazidziwa akaziona."

"Munthu amazidziwadi, bwana. Koma pampandopo mukukhazikapo makina."

A Mawaya anapempha kuti makinawo azisungako dzina la tsamba limene munthu wakanizidwa, kuti pakakhala dandaulo aziona ngati analakwadi. A Ndanena anachita kunyansidwa. Asunge maina a zonyansa m'makina a laibulale yawo? Ayi, makinawo azingosunga nambala ya khadi ndi kuti wayesa kangati. A Mawaya atatsegulanso pakamwa, anamva mawu awiri aja, ndipo anatola thumba lake n'kukayamba ntchito.

Tsono a Ndanena anali ndi achemwali awo aakulu, telala wa kashopu kena kuseri kwa msika. Makolo awo atamwalira, mayi ameneyu ndi amene anawalera, n'kusiya yekha sukulu kuti mlongo wake aphunzire. Malaya oyamba amene a Ndanena anavala pokayamba ntchito anatuluka pa makina ake osokera. Anali mayi wofatsa, wamanyazi, woti ngakhale mutu umupweteke bwanji amangomanga kansalu n'kupitiriza kusoka. Khadi la laibulale anali nalo, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo kudzaona masitayilo atsopano a madiresi.

Zimene a Ndanena sankadziwa n'zakuti masiku omwewo achemwali awo, posamba, anakhudza kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kakang'ono ngati nyemba. Mantha anawagwira. Kuchipatala chapafupi kunali namwino wina amene ankasoketsa zovala kwa iwo, mayi wabwino koma wa pakamwa posatseka. Foni yawo inali ya mabatani, yopanda intaneti. Ndiye anaganiza zoyamba awerenga okha mwakachetechete, kuti adziwe ngati kanthuko n'koopsa kapena kongobwera n'kupita.

Anasankha Lachiwiri masana, nthawi imene mlongo wawo amapita kukadya. Anakhala pa kompyuta ya pakona, n'kulemba ndi chala chimodzi funso lawo. Panabwera mitu ingapo, ndipo anasankha wonena za momwe mayi angadziyezere yekha. Tsambalo lisanatseguke n'komwe, kompyuta yonse inafiira, ndi mawu akuluakulu oti tsambali ndi loletsedwa. Anaganiza kuti adina polakwika, n'kusankha mutu wachiwiri. Chimodzimodzi. Anapukuta thukuta m'manja, n'kuyesa wachitatu. Apo makina analira kuti tswii, n'kuwauza kuti khadi lawo latsekedwa. Anthu awiri atatu anatembenuka. Mayi uja ananyamula kachikwama kake n'kutuluka maso ali pansi.

Lachisanu makina anasindikiza mndandanda woyamba, wa maina khumi ndi limodzi. A Mawaya anaubweretsa mu ofesi ataupinda, n'kutseka chitseko.

"Bwana, musanasaine, taonani nambala seveni."

A Ndanena anakonza magalasi. Anawerenga dzinalo, n'kuliwerenganso.

"Ankafuna chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Makina sakudziwa, paja munawaletsa kusunga. Wodziwa ndi mmodzi yekha, eni akewo. Shopu yawo ndi apa pomwepa, mphindi khumi wapansi. Pitani mukawafunse, mndandanda udikira."

Mumtima mwa a Ndanena munali nkhondo, ndipo ndinene mosabisa kuti chimene chinapambana sichinali chilungamo ayi, koma manyazi atavala jekete la chilungamo. Mwamuna wamkulu ngati iwo akayambe bwanji nkhani yotere ndi mlongo amene anawasambitsa ali mwana? Nanga akawayankha zimene sakufuna kumva? Komanso akachotsa dzinalo, mawa antchito azinong'onezana kuti lamulo la bwana limaluma ana a eni okha.

"Lamulo lilibe m'bale," anatero potsiriza. Anasaina, natenga mapini anayi, n'kukakhoma okha pepalalo pakhomo.

Tauni yaing'ono ilibe chinsinsi. Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utamva kuti atelala aja, ofatsa ngati nkhosa aja, awagwira akuonera zolaula, ndipo wawayalutsa ndi mlongo wawo yemwe. Ena ankaseka mogwira m'mimba, ena ankapukusa mitu kuti anthu ofatsawa ndiye oopsa. Azimayi amene ankakhala pa benchi la m'shopu kucheza uku akudikira zovala anayamba kumangotuma ana kudzatenga. Telala uja sanadziteteze kwa wina aliyense. Akanati afotokoze, akanayenera kutchula chimene chinali m'thupi mwake, ndipo chimenecho n'chimene ankachibisa. Anangoganiza kuti ngati kungofunsa kokha kwamuchititsa manyazi chonchi, kuli bwanji kukavula pamaso pa anthu kuchipatala? Anatseka pakamwa, n'kumasoka.

Ku laibulale nako zinthu sizinayende monga a Ndanena ankalotera. Pa mindandanda yotsatira panatuluka ophunzira unamwino asanu ndi mmodzi, mphunzitsi wa zojambulajambula, ndi bambo wina wachikulire amene ankafufuza za zidzolo zimene zinatuluka mdzukulu wake. Bamboyo anabwera ndi ndodo yake kudzafunsa ngati a Ndanena akumuona ngati munthu wa zimenezo, ndipo anachita kumugwira alonda. Eni mlandu enieni, anyamata oonera zolaula amene anayambitsa zonsezi, sanatulukepo pa bolodi ndi kamodzi komwe. Iwo anangosamukira pa mafoni awo, pansi pa mtengo wa kuseri kwa mpanda, kumene sefa ya a Ndanena sinkafika. Makompyuta khumi ndi awiri aja anayamba kuchita fumbi, chifukwa ndani angafune kuika mbiri yake pachiswe pofufuza za matenda?

A Ndanena ankaziona zonsezi, koma kubweza mawu kunali kowavuta kuposa kumeza mwala. Njira yodutsa kumsika anaisiya, n'kumazungulira cha kusiteji ya mabasi, ulendo wa mphindi makumi awiri owonjezera. Akazi awo anawafunsa kangapo.

"Abambo, alamu anga mwawaonako? Mwezi wachinayi uno sanapondeko kuno. Ndinakumana nawo dzana, aonda, ndipo dzanja lamanzere akuchita kulinyamula ngati la eni."

"Akafuna kundiona akudziwa kumene ndimakhala."

"Inu ndi amene munakhoma dzina lawo. Woyamba kupita ndi inu."

"Mayi, nkhani imeneyo tinatseka."

Mwezi wachisanu ukutha, Lolemba m'mawa, foni ya mu ofesi inalira. Anali mwana wamkazi wa achemwali awo, amene ankagwira ntchito kutali ndipo anali atangofika kumene. "Amalume, bwerani kuchipatala chachikulu. Amayi ndawapeza ali ndi bala pachifuwa, akhala akulimanga okha ndi zidutswa za nsalu."

A Ndanena anafika tayi itapotoka kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Dokotala, mayi wa imvi zapatalipatali, anawatengera pambali m'khonde pamodzi ndi mtsikana uja. Anawauza mosazungulira kuti ndi khansa ya m'mawere, kuti bere lichotsedwa sabata yomweyo, ndipo matendawo afika kale m'khwapa. Anati ayesetsa ndithu, koma ulendo wake ukhala wautali ndipo sangalonjeze kanthu.

"Chimene chikundiwawa n'chakuti akuti anakamva kanthuka kali kakang'ono, miyezi isanu yapitayo," anatero dokotalayo. "Akanabwera nthawi imeneyo, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Miyezi isanu. A Ndanena sanafunikire kalendala. Anatsamira khoma.

Analowa mu wodi mwakachetechete. Achemwali awo anali pa bedi la pafupi ndi windo, atachepa moti bulangete linkaoneka ngati lafunditsa mwana. Atawaona, anayesa kudzuka kuti awapatse malo okhala, monga ankachitira masiku onse.

"Gonani, achemwali, gonani." Anakoka mpando, nakhala, chipewa chili m'manja. "Tsiku lija ku laibulale, mumafufuza za chimenechi?"

"Eya."

"Nanga bwanji simunandiuze? Ndikanang'amba pepala lija pamaso pa anthu onse. Ndikanakunyamulani ndekha kubwera nanu kuno."

Mayi uja anawayang'ana. M'maso mwake munalibe ukali, ndipo zimenezo n'zimene zinawalasa kwambiri.

"Achimwene, sabata yoyamba ija ndinkasoka chitseko chili chotsegula. Ndinkati mwana amene ndinamulera ine sangakhulupirire pepala asanamve pakamwa panga. Aliyense wamtali akadutsa pamsewu ndinkadzutsa mutu. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndikuuzeni, chifukwa kwa inu nokha ndikanatha kunena. Munangotsala kubwera n'kuti, achemwali, chinachitika n'chiyani?"

A Ndanena anaphimba nkhope ndi chipewa chija, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Bambo amene tauni yonse inkamudziwa ndi mawu osabwerera analira ngati mwana pakati pa wodi ya azimayi, odwala ena akuyang'ana kumbali kuti amusungire ulemu. Amene anatambasula dzanja, lamanja lomwe linali ndi mphamvu, n'kuwasisita pamutu anali wodwala yemweyo.

Mawa lake a Ndanena anaitanitsa komiti, ndipo kwa maola atatu anakhala chete akumvera anamwino, aphunzitsi, makolo ndi a Mawaya akukangana za malire a chimene chiyenera kutsekedwa. Lamulo latsopano linatenga miyezi iwiri kuti lilembedwe. Linatuluka lalitali, la zigamba zambiri, losakhutiritsa aliyense kwathunthu, koma ana linawateteza ndipo wodwala linamusiyira khomo. Zonsezo zinatheka kukonzedwa. Miyezi isanu ya achemwali awo yokha ndi imene panalibe komiti yoti ingaibweze.

Kuteteza ana ku zonyansa ndi ntchito yabwino, ndipo a Ndanena sanalakwe poifuna. Analakwa poyesa kuti mutu wawo wokha ukudziwa zimene anthu onse amafuna akakhala pa kompyuta, ndipo analakwa koposa pokana kuyenda mphindi khumi kukafunsa funso limodzi. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.