Dzina la Mwana wa Esinati

Kalekale, koma si kale lakutali ayi, pamudzi wina wa oumba njerwa panali mayi dzina lake Esinati. Mwamuna wake, Ganizani, anali mkamwini pamudzipo, ndipo akagwira chikombole njerwa zinkangoti mbwee bwalo lonse. Koma kudambo kumene ankaumbako, chamba chinkasutidwa ngati fodya wamba. Aliyense ankati chimachotsa kutopa. Ha! Kutopa kunachokadi, koma kunatengana ndi mutu womwe.

Ganizani naye anayamba kusuta, kenaka n'kumaphatikiza ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa. Anaonda, maso psuu, chifuwa chosatha, mpaka kumayankhana ndi anthu osaoneka. Esinati n'kuti ali woyembekezera. Ankalira chamumtima: "Kodi mwana wangayu adzapeza bambo ake, kapena ndidzangomulozera manda?"

Tsiku lina akuwotcha njerwa, Ganizani anaseka n'kunena kuti m'motomo akumuitana, nayamba kukwawira pakhomo la uvuni. Mnzake Sankhani analowetsa mkono m'malawi n'kumukokera kunja. Mkonowo unapsa, mpaka lero suwongoka. Koma musafulumire kuomba m'manja: ndudu yoyamba ya chamba anamuyatsira ndi Sankhani yemweyo.

Atapulumuka apo, Ganizani anathawira kumsika ali chibadwire. Akulu kuseka, ana kumugenda, abale inu, zomvetsa chisoni! Apongozi ake, a Nangondo, mayi a Esinati, anali pomwepo kugulitsa tomato. Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi ake akakumana amapatukirana njira, sayang'anana n'kumaso komwe. Koma mayiwo anamasula chitenje chawo, namufunditsa, namugwira dzanja.

"Tiyeni, bambo, tiyeni kwathu."

Anamusambitsa, namumwetsa phala ngati khanda, mudzi wonse ukunena kuti alaula. Komatu ndi mayi omwewa amene ankamuimbira Esinati tsiku ndi tsiku kuti, "Mutaye ameneyu, akupha."

Kenaka anatulukira a Bizaliyele, mkulu wake wa Ganizani. Anapeza anthu akupangana zopita kwa sing'anga, ati walodzedwa.

"Palibe ufiti apa, chamba ichi!" anatero mkuluyo.

Anamumanga ndi chingwe cha ng'ombe, namukweza pangolo, ulendo wa kuchipatala cha odwala misala. Ganizani ankakuwa njira yonse, "Achimwene, mukundipha!" Iwo osacheuka, misozi ili chuchuchu. Chingwecho chinadya mnofu, ndipo zipsera zake zikadali m'mikono mwa Ganizani.

Patapita miyezi Ganizani anabwerako, wofooka, koma mutu uli m'malo mwake. Anapeza Esinati ali m'chikuta ndi mwana wamwamuna. Esinati atamva mawu ake panja, akupereka moni bwinobwino ngati munthu, analira mpaka mwana naye anayamba kulira.

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana ndi kumutcha dzina. Ganizani anati, "Ine ndinali nditafa. Amene anandibweza ndiye atche mwanayu dzina. Koma ine sindikumbuka kanthu, ndinali kutali. Amake mwana, inu ndi amene munaona zonse. Musankhe ndinu."

Esinati anaima pakhomo, khanda lili m'manja. Sankhani anakhala patali, atabisa mkono wake wopsa uja m'malaya. A Nangondo anali atatembenukiranso kumbali, kumuopa mkamwini monga kale, ngati si iwo anamusambitsa. A Bizaliyele anangoti zyoli, kulephera kuyang'ana zipsera za mng'ono wawo.

Popanda Sankhani, Ganizani akanapsa. Popanda mayiwo, akanafera kumsika ngati galu. Popanda chingwe chija, bwenzi akuyankhanabe ndi mphepo. Koma mwana ndi mmodzi, dzinanso ndi limodzi.

Tsono inu muli pano, tandiuzani: Esinati akamuike mwanayu m'manja mwa yani, mwa amene anayatsa moto n'kupsa nawo, mwa amene anaswa mwambo, kapena mwa amene anamanga m'bale wake ngati ng'ombe?